Mayi Edesi ndi Chiyankhulo Chiwisi

Mwezi uno chakwana chaka chimwalirireni Mayi Edesi. Pa mapemphero a chikumbutso chawo anandipempha, monga wowerenga Mawu pa tchalitchi chathu, kuti ndisankhe phunziro. Ndinawerenga za mlonda uja woikidwa pa linga, amene akaona lupanga likubwera koma osaliza lipenga, magazi a anthu amafunsidwa m'manja mwake. Titatuluka, amayi ena anandifunsa kuti bwanji sindinasankhe mawu otonthoza monga timachitira pa chikumbutso cha nkhalamba. Pakhomo pa tchalitchi sindinathe kuwayankha mokwanira, n'chifukwa chake ndalemba izi.

Parishi yathu ili kumpoto kwa Msumba, m'mphepete mwa nyanja. Mayi Edesi ndi amene ankasunga kaundula wa ubatizo, maukwati ndi maliro. Mabuku akale anawapeza atatsala pang'ono kutha: ena anapsa pa nkhondo, ena chiswe chinali chitayamba kuwadya kuchokera kuchikuto. Anakopera dzina lililonse limene linkawerengeka n'kuliika m'kompyuta yawo yakale ya m'manja, ndipo pulogalamu yosunga mayinawo anailemba okha. Munthu akafuna kalata ya ubatizo, kaya yokatengera bilyeti, chiphaso cha unzika, ku boma, kaya yokamangira ukwati kwina, iwo ankalemba dzina lake, makina n'kutulutsa kalatayo. Mabuku awiri akale kwambiri anasanduka fumbi patangopita zaka zochepa atawakopera. Kuyambira pamenepo pali anthu kuno amene pa dziko lapansi sanalembedwe pena paliponse koma m'kompyuta imeneyo.

Pulogalamu imalembedwa m'chiyankhulo cha makompyuta, ndipo chimene iwo ankalembera sichikhala chimodzimodzi chaka ndi chaka. Kuli anthu m'mayiko osiyanasiyana amene amachikonza tsiku lililonse, ndipo kamodzi pa chaka amatulutsa chatsopano kuti aliyense agwiritse ntchito. Chisanatulutsidwe amachiika poyera, zolakwa zake zili momwemo, kuti wofuna achiyese. Mayi Edesi chotulutsidwa kale ankachitcha chakupsa, ndipo chimene chikadakonzedwa ankachitcha chiwisi. Makalata a anthu ankawatulutsa ndi chakupsa. Koma Lachisanu lililonse m'mawa ankakulunga kompyuta m'chitenje, n'kutenga ambulera, n'kukwera kaphiri ka kuseri kwa sukulu kumene redi ya foni imagwira. Ankakhala pamwala akusenda mtedza mpaka chiwisi cha sabata imeneyo chitalowa chonse m'makina. Nthawi zina dzuwa linkafika pamutu asanatsike.

Akatsika ankayendetsa mayeso awo. Mayesowo anali mafunso makumi angapo amene mayankho ake iwo ankawadziwa kale, ndipo funso lililonse linali munthu weniweni wa m'kaundula: wobatizidwa kale kuposa onse, mapasa obatizidwa tsiku limodzi, mwana wobadwa pa tsiku lija la Febuluwale limene limabwera kamodzi pa zaka zinayi, bambo amene anaferedwa n'kukwatiranso. Pulogalamu ikayankha bwino pansi pa chiwisicho, mzere unkatuluka wobiriwira. Ikaphonya, wofiira. Masabata ambiri yonse inkatuluka yobiriwira, iwo n'kungotseka makina. Pa zaka zonse zimene ndinawadziwa, kupatula pamene anagonekedwa kuchipatala, Lachisanu lokha limene sankakwera kaphiriko linali Lachisanu Loyera.

Ambirife tinkaona ngati ntchito yopanda mutu. Iwo ankati mmisiri wa boti umamusonyeza mng'alu boti likadali pamchenga, chifukwa likakhala pakati pa nyanja kulankhula kwako ndi kulira chabe. Ankatinso amene amakonza chiyankhulocho onse ali ndi makina atsopano, palibe mmodzi yemwe ali ndi kachikale ngati kawo, ndiye osauka akapanda kulawa msanga adzapatsidwa chowatsamwa. Ine ankandikumbutsa woperekera chikho m'nyumba ya mfumu, amene amamwa vinyo mfumu isanamwe. Tsiku limene vinyo ali bwino palibe amaona kuti munthuyo wagwira ntchito.

Amene ankakangana nawo kwambiri anali a Tomasi, msodzi, amenenso ndi msungi wa katundu wa tchalitchi. Batire ya sola inali imodzi, ndipo kompyuta ikagwira ntchito Lachisanu lonse, Loweruka kwaya inkapeza limba lake lamagetsi lilibe moto.

"Achemwali, chinthu chikugwira ntchito bwinobwino. Mukuchifuniranji matenda?" anatero a Tomasi tsiku lina, ine ndikumva.

"Matendawo akubwera, ndiwafune ndisawafune."

"Abwera liti?"

"Mwezi wa Otubru, akadzatulutsa chatsopano."

"Ndiye tidikire Otubru! Lero ndi seshita-fera, Lachisanu, mawa kwaya ikufuna batire."

"Kwaya yanuyo iimbe ndi pakamwa. Mulungu anakupatsani kukhosi asanakupatseni batire."

Sanali munthu wofewa. M'tchalitchi ankakhala kumbuyo, sankaimba, ndipo wansembe akalakwitsa tsiku pa zolengeza ankamukonza mokweza anthu onse akumva. Pamaliro, amayi anzawo ali kophika, iwo ankazungulira ndi kope akufunsa achibale tsiku lenileni limene womwalirayo anabadwa, ndipo munthu akayankha kuti chinali chaka cha njala, ankamufunsa kuti njala yake iti. Ana a kuno ankawaopa. Komatu ndi iwo amene ankadziwa mwana aliyense dzina lake la ubatizo ndi la amene anamuimirira.

Za moyo wawo wakale ankanena zochepa. Anabadwira kuno. Nkhondo itafika anawoloka nyanja ndi amuna awo, ndipo ku Malawi anapeza ntchito yotaipa makalata mu ofesi ina. Makompyuta atabwera mu ofesimo anzawo anachita mantha, iwo n'kumatsalira masana pa nthawi ya chakudya kuti aphunzire. Anakhala zaka zambiri mu mzinda akulemba mapulogalamu. Anthu ena anabwerera nkhondo itangotha, iwo anachedwa, mpaka amuna awo atamwalira komweko. Ana analibe. Anafika kuno ndi sutikesi imodzi ndi kompyuta, ndipo sabata yachiwiri anali atapempha kale makiyi a bokosi la mabuku.

Nkhani imene anthu amawakumbukira nayo ndi ya a Monika, ndipo inachitika zaka zitatu Mayi Edesi asanamwalire.

A Monika anali nkhalamba ya kumudzi wina kupitirira Lunho, kumene msewu sufika, munthu amangopita pa boti. Anabatizidwa kuno ali mtsikana, anakwatiwa kuno, ndipo amuna awo anagona m'manda a parishi kuseri kwa tchalitchi. Kakhadi kawo ka ubatizo kanapsera m'nyumba pa nkhondo. Mwana wawo wamwamuna anabwerako ku Malawi atalowa mpingo wina, ndipo anali atanena poyera kuti amayi ake akadzamwalira adzawaika iyeyo, kumudzi komweko, ndi mwambo wa mpingo wake, pokhapokha ataona kalata yosonyeza kuti anabatizidwa kwa ife. Wansembe wathu anali watsopano, wochokera kum'mwera. Amene anaona ubatizowo onse anali atatsogola. A Monika ankafuna chinthu chimodzi basi, kukagona pambali pa amuna awo.

Lachisanu lina Mayi Edesi anakwera kaphiri monga mwa masiku onse. Anatsika akudandaula mutu, anatsegula chiwisi chimene anatenga kuti ayendetse mayeso, koma asanayambe anagwa pansi. Anali matenda a kuthamanga kwa magazi. Tinawanyamula n'kuwakweza galimoto yopita kuchipatala ku Lichinga. Wina anangotseka chivundikiro cha kompyuta, chiwisi chili chotsegula momwemo. Pa maso chiwisi ndi chakupsa zinkaoneka chimodzimodzi, kusiyana kwake kunali kanambala kakang'ono pakona kamene iwo okha ankakayang'ana.

Lolemba a Monika anafika pa boti. Mayi Edesi anali ataphunzitsa a Tomasi kulemba dzina ndi kudina potulutsira kalata, kuti pasamasowe wothandiza anthu iwo akachokapo. A Tomasi anatsegula makina, anapeza zonse zili chiyakire, anakhala pansi. Ine ndinalipo, ndinkakonza mabuku a nyimbo.

"Dzina, amayi?"

"Iwe Tomasi, ukundifunsa dzina ine? Ndinakubereka kumsana uli ndi mamina."

"Ndi lamulo la makina, amayi."

Analemba ndi chala chimodzi. Palibe chinatuluka. Analembanso pang'onopang'ono, akutchula chilembo chilichonse. Palibe. Anayesa dzina la amuna awo, nalonso palibe. Pamenepo a Tomasi anachita chimene anaona kuti n'chanzeru: anayesa makinawo ngati ali bwino. Analemba dzina lawo lomwe, ndipo linatuluka, tsiku ndi wansembe zonse zili pomwepo. Analemba langa, linatulukanso.

"Mwaona, amayi? Ine ndilimo, awa alimo. Makina ali bwino. Inuyo ndi amene mulibemo."

"Ndilibemo bwanji? Madzi anandithira pamutu m'tchalitchi muno."

"Mwina kunali kwina, mwaiwala. Kapena munkangolowa nawo. Nthawi imeneyo ambiri ankangolowa."

A Monika sanakangane. Anaimirira, anamanga chitenje, ndipo ali pakhomo anati, "Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikulandira Mgonero ngati mbala." Anabwerera pa boti lomwe anabwera nalo. Ine ndinamva zonsezi osanenapo kanthu, chifukwa dzina langa linali litatuluka.

Mayi Edesi anabwerako patatha masabata awiri, dzanja lamanzere litafooka. Asanafike n'kunyumba komwe analowa m'chipinda cha kaundula n'kuyendetsa mayeso amene anawasiya. Mizere inayamba kutsika yobiriwira, kenako wofiira, wofiiranso. Wobatizidwa kale kuposa onse sanapezeke. Bambo wokwatiranso uja sanapezeke. Anakhala masana onse akufufuza, ndipo chimene anapeza anandifotokozera motere. Makompyuta ambiri amawerenga masiku kuyambira pa chiyambi cha chaka cha 1970, ngati kuti kumwamba ndi dziko lapansi zinalengedwa chaka chimenecho, ndipo masiku a m'mbuyo mwake amawawerenga chobwerera. M'chiwisi cha sabata ija wina anali atasintha gawo limenelo. Pa makina atsopano zinkayenda, koma pa akale ngati awo kuwerenga chobwerera kunkalephera. Ndipo pulogalamu yawo ikalephera kuwerenga tsiku inkangolidumpha dzinalo mwakachetechete. Aliyense wobatizidwa chaka chimenecho chisanafike anali atabisika. Atatsegula chakupsa, onse anali momwemo.

A Tomasi analowa ali osangalala kuti achemwali achira, ndipo pocheza anatchula kuti kunabwera gogo wa ku Lunho amene sanapezeke.

"Munatsegula chiti?"

"Chimene ndinachipeza. Komanso ndinayesa kaye, musandione ngati chitsiru."

"Munayesa ndi dzina la yani?"

"Langa."

"Nkhalamba ikusowa, inu mukuyesa ndi dzina la mwana wadzulo?"

A Tomasi anakwiya. "Nanga ndani amasiya nsomba yaiwisi m'mbale ya alendo iye n'kupita ku Lichinga? Ine munandiphunzitsa kulemba dzina ndi kudina apa. Za chiwisi m'makina omwewa munandiuza?"

Mayi Edesi anati, "Sindinakuuzeni." Anatinso cholakwa cha anthu akutaliwo chinali chaching'ono, chifukwa chiwisi chimayenera kukhala ndi zolakwa. Chachikulu chinali chawo, polemba pulogalamu imene ikalephera imakhala chete. Aka kanali koyamba kuwamva akuvomera kulakwa pamaso pa munthu.

Anafuna kunyamuka m'mawa mwake, koma mphepo ya mwera inali itakalipa, boti silikanatheka. Masiku atatu amene tinadikira mphepo, iwo anawagwiritsa ntchito kuchepetsa vutolo mpaka linatsala mizere itatu yokha, yopanda dzina la munthu aliyense, imene wina aliyense akanatha kuiyendetsa n'kuona kulepherako ndi maso ake. Anakwera kaphiri atagwira phewa langa, akupuma katatu m'njira, n'kutumiza mizereyo kwa okonza chiyankhulo pamodzi ndi mtundu wa makina awo. Ena pamudzi ananena kuti mayiyu mtima wake uli kwa azungu a m'kompyuta pamene nkhalamba ikulira. Iwo atamva anangoti nkhalamba za makina akale zilipo m'mayiko ena, ndipo kumeneko kulibe wokwera phiri.

Tsiku lachinayi nyanja inagona. A Tomasi anatulutsa boti lawo la injini osapemphedwa, ndipo ine ndinapita nawo. Njira yonse awiriwo ankakangana za mafuta, za batire, za mmene a Tomasi amakhotetsera boti, koma dzina la a Monika panalibe analitchula.

Tinawapeza atagona pamphasa pakhonde, dzuwa la m'mawa likuwawomba. Mpongozi wawo anatiuza kuti chichokereni kwathu kuja anavula kamtanda ka m'khosi n'kukaika m'chitini, analeka kupemphera, ndipo ankadya pang'ono. Mayi Edesi anakhala pansi movutikira, anatulutsa kalata, n'kuyamba kuwerenga mokweza. Anawerenga dzina, tsiku, dzina la wansembe. A Monika anangoyang'ana kudenga. Kenako anawerenga dzina la amene anawaimirira pa ubatizo: Fidesi.

A Monika anatembenuka. "Fidesi uti?"

"Palembedwa Fidesi basi, amayi, mkazi wa mphunzitsi."

"Fidesi wa mano otalikirana! Ankandikanikiza mutu ngati akufuna kundimiza." Anaseka mpaka anatsokomola. Analandira kalatayo, ngakhale sankadziwa kuwerenga, n'kuiyang'ana mbali zonse ziwiri. A Tomasi anagwada n'kupepesa. Gogoyo anawasisita pamutu n'kuwauza kuti anali wopupuluma kuyambira ali khanda.

Ndinaganiza kuti zathera pomwepo. Koma a Monika anafunsa, "Mwananga Edesi, ngati dzinali linasowa kamodzi, silingasowenso?"

"Lingasowe, amayi."

A Tomasi anawagunda ndi chigongono. "Auzeni kuti silingasowe, achemwali."

"Sindinena bodza. Lingasowe. Chimene ndingalonjeze n'chakuti ndizilifunafuna sabata iliyonse lisanasowe."

Ine ndinayesa kuthandiza. Ndinawakumbutsa kuti mayina a okhulupirira analembedwa kumwamba, kumene njenjete ndi chiswe sizifika. A Monika anandiyang'ana ngati ndine mwana. "Zakumwambazo ndikuzidziwa, aphunzitsi. Ine ndikunena za kuno, kumene andiike."

Yankho la okonza chiyankhulo linabwera Lachisanu lotsatira. Munthu amene Mayi Edesi sanamuonepo, wa dziko limene sanalidziwe, anathokoza n'kuvomera kuti pakati pawo panalibe amene anayesa pa makina otere. Anakonza cholakwacho, ndipo mizere itatu ija anaiika m'gulu la mayeso a chiyankhulocho kuti iziyendetsedwa nthawi zonse. Chatsopano chitatulutsidwa mwezi wa Otubru, vutolo munalibe. Mayi Edesi sanachitepo chikondwerero. Anakonza pulogalamu yawo kuti ikalephera kuwerenga tsiku iziima n'kunena kuti yalephera. Chiwisi anachipaka mtundu wofiira ponseponse, ndipo pamwamba pake analemba ndi zilembo zazikulu kuti, "Ichi n'chiwisi, a Tomasi, chotsani chala." A Tomasi anadandaula kwa wansembe kuti akunyozedwa, koma za batire sanazitchulenso. Ndipo pa mayeso a Lachisanu panawonjezeka funso lina, dzina la a Monika.

A Monika anamwalira mvula yotsatira itayamba. Mwana wawo anaiona kalata ija, anasunga mawu ake, ndipo thupi linabwera pa boti. Pamanda iye anaima patali, sanaimbe nafe, koma pokwirira anatenga khasu. Anagona pambali pa amuna awo.

Mayi Edesi anapitiriza kukwera kaphiri zaka zina zitatu, chaka chomaliza ndi ndodo. Anayesa kuphunzitsa aphunzitsi awiri a pasukulu ntchito ya mayeso, koma mmodzi anasamutsidwa, winayo anatopa nawo ukali wawo. Anamwalira kunyumba kwawo m'nyengo yozizira, Lachiwiri m'mawa, mnansi atawabweretsera madzi osamba. Amene analemba maliro awo m'kaundula anali a Tomasi, ndi chala chimodzi.

Chipinda cha kaundula chili pambali pa chipinda chovalira wansembe, ndipo chili ndi zenera limodzi loyang'ana kumanda. Mavu amanga chisa pakona ya zeneralo. Pakhoma pali mizera ya choko imene sindinkaizindikira iwo ali moyo, mzera umodzi pa Lachisanu lililonse, ndipo apa ndi apo pali mzera wodulidwa pakati, masabata amene anapeza chofiira. Mizerayo inathera pafupi ndi chitseko. Kompyuta imasungidwa m'bokosi lachitsulo kuopa nyerere. Chimwalirireni iwo, chiyankhulo chatsopano chatulutsidwa kamodzi, ndipo kuno palibe anachiyesa chili chiwisi kapena chitapsa. Mphunzitsi wina wa ku Metangula anaona makinawo n'kutiuza kuti galasi lake layamba kuda m'mbali, silikhalitsa, ndipo tikadzapeza ena adzabwera ndi chiyankhulo cha masiku ano. Ngati pulogalamu ya Mayi Edesi idzayende pamenepo, iye sakudziwa, ifenso sitikudziwa.

Mpando wawo uli pomwe unali, ndi katsamiro kamene anasoka ndi thumba la mpunga. Palibe amakhalapo. Munthu akabwera kudzafuna kalata, a Tomasi amatulutsa kompyuta m'bokosi, amaiika pa tebulo, n'kuwerama ali chiimire. Asanamufunse mlendoyo dzina, amayamba alemba la a Monika n'kudikira. Mpaka lero likutuluka.